Galimoto yaing'ono yoyendapo kale: makaniko akuyankha mafunso anu

Funso: Ndikufuna kugula Toyota Vitz ya 2011 kwa munthu wina. Pa dashibodi pakusonyeza kuti yayenda makilomita 58,000 okha, penti ikuwala, mkati ndi mwaukhondo. Za magalimoto sindizidziwa bwino. Ndikakaiona ndiyang'ane chiyani?

Yankho: Achimwene, panganani ndi mwiniwakeyo kuti mukaione m'mawa, isanalizidwe tsiku limenelo. Mukafika, tsegulani boneti n'kuika dzanja pamwamba pa injini. Ikakhala yofunda ndiye kuti ailiza kale, ndipo zambiri zimene mumafuna kumva zabisika. Injini yozizira ndi imene imaulula zonse: kuvuta kulira, utsi woyamba, ndi phokoso la tcheni. Injini za Vitz ya chaka chimenecho zimayendera tcheni, osati lamba, choncho mukamva kuti khwerererere kwa kanthawi ikangolira, tcheniyo yatamuka kapena oyilo sankasinthidwa pa nthawi yake.

Musanailize, tsegulani chotsekera cha pothirira oyilo n'kuchitembenuza. Kunsi kwake kukakhala phala lakuda lolimba, injiniyo yakhala ikuyenda ndi oyilo wakale. Kukakhala thovu loyera lonanda, madzi akusakanikirana ndi oyilo. Nthawi zina zimenezi zimachitika chifukwa galimotoyo imangoyenda maulendo aafupi osatentha mokwanira, koma zimathanso kutanthauza kuti gasiketi, chomatira cha pakati pa mutu wa injini ndi thupi lake, yapsa. Kuti mutsimikize, tsegulani chotsekera cha radiyeta injini ikadali yozizira, muilize, n'kuyang'ana m'madzimo. Tithovu tikamangotuluka osaleka, ndikukulangizani kuti muisiye galimotoyo ngakhale mtengo wake utakoma bwanji.

Kenako tembenuzani kiyi mpaka magetsi a pa dashibodi ayake, koma osaliza injini. Getsi la injini, la ABS (choletsa matayala kukhwekhwereza pogwira buleki), la airbag, la oyilo ndi la batire ayenera kuyaka onse, ndipo azime injini ikalira. Limodzi likapanda kuyaka n'komwe, mwina wina walichotsa kapena walimata kuti vuto lisaoneke. Izi zimachitika ndithu, ndipo zimandiwawa chifukwa amene amapwetekedwa nazo ndi wogula amene sadziwa.

Makilomita 58,000 amenewo musawakhulupirire msanga, chifukwa manambala a pa dashibodi amatha kubwezedwa. Yang'anani mphira wa popondera buleki, chiwongolero pamene pamagwira manja, ndi m'mphepete mwa mpando wa dalaivala. Mphira ukatha mpaka chitsulo kuonekera, galimotoyo yayenda kwambiri kuposa zimene zalembedwazo. Matayala nawonso amanena msinkhu wawo. M'mbali mwake nthawi zambiri mumakhala zilembo zakuti DOT, ndipo manambala anayi omaliza amasonyeza sabata ndi chaka chimene anapangidwa: 3417 ndiye kuti sabata ya 34 m'chaka cha 2017. Tayala lakale limang'ambika m'mbali ngakhale mano ake akuonekabe.

Penti yowala siikuuzani chilichonse. Imani pakona ya galimoto n'kuyang'ana motsatira mbali yake, muone ngati mtundu wa chitseko chimodzi ukusiyana ndi wa chinzake, komanso ngati mipata ya pakati pa boneti ndi thupi ndi yofanana mbali zonse. Nyamulani kapeti wa mu buti, muone pamene pamakhala tayala la sipeya. Chitsulo chokwinyika kapena chowotchereredwa chimasonyeza kuti inagundidwa kumbuyo. Nambala ya chesisi yodindidwa pa thupi la galimoto ifanane ndi ya pa mapepala, chilembo ndi chilembo.

Poiyesa, muyende nayo mphindi 20 kapena kuposerapo, wailesi ili yozimitsa. Pamalo otakasuka pindani chiwongolero mpaka kumapeto n'kuzungulira pang'onopang'ono. Phokoso lakuti ka-ka-ka kutsogolo ndi CV joint (mfundo ya chitsulo chozungulitsa tayala lakutsogolo) yotha, ndipo imeneyo ndi ntchito yaing'ono, mungoigwiritsa ntchito pokambirana mtengo. Koma giyabokosi ikamagwedeza kapena kulira, n'zina. Ngati mungathe, tengani makaniko wanuwanu amene ali ndi kachipangizo ka OBD. Kamalowetsedwa pa soketi ya mabowo 16 pansi pa chiwongolero, ndipo kamawerenga zimene kompyuta ya galimoto yasunga.

Funso: Passo yanga imayatsa getsi lofiira la kutentha ndikakhala pa mzere wa magalimoto, koma pamsewu wautali ilibe vuto. Makaniko wina akuti achotse themositati kuti madzi aziyenda momasuka. Ndimulole?

Yankho: Mayi, musamulole. Themositati ndi kachitseko kamene kamaletsa madzi kupita ku radiyeta injini ikadali yozizira, ndipo kamatseguka kutentha kukafika pafupifupi madigiri 82. Injini inapangidwa kuti izigwira ntchito itatentha cha m'ma 90. Mukakachotsa, injini imachedwa kutentha, kompyuta imaganiza kuti kukadali kozizira n'kumathira petulo wochuluka, ndipo petulo wotsalayo amatsuka oyilo m'makoma a masilinda. Mudzaona galimoto ikumwa kwambiri ndipo injini idzatha msanga. Pa injini zambiri themositati ikatseguka imatsekanso njira yachidule ya madzi, moti ikachotsedwa madzi ena amangozungulira m'injini osafika ku radiyeta. Vuto lanu lenileni likhalapobe.

Mmene mwafotokozeramo, ine ndingayambire pa fani. Pamsewu wautali mphepo imalowa yokha mu radiyeta, koma galimoto ikaima, ndi fani yokha imene imakoka mphepoyo. Lizani injini, yatsani AC, n'kuyang'ana kuseri kwa radiyeta, zala zanu zili patali. Fani iyenera kuzungulira. Ikapanda kutero, makaniko ayang'ane fyuzi, rilei, mawaya, kenako mota ya faniyo. Kukanakhala kuti imatentha pothamanga kapena pokwera chitunda, ndikanakayikira radiyeta yotsekeka mkati kapena pampu ya madzi. Akakayikirabe themositati, aichotse n'kuiika m'madzi amene akutenthetsedwa pamoto. Yabwino imatseguka madziwo asanawire. Yokana kutseguka isinthidwe ndi ina, malo ake asasiyidwe opanda kanthu.

Chotsekera cha radiyeta anthu ambiri amachipeputsa. Chimasunga mphamvu ya mpweya, pa magalimoto ambiri otere pakati pa 0.9 ndi 1.1 bar, ndipo chifukwa cha zimenezo madzi sawira pa madigiri 100 koma cha m'ma 120. Mphira wake ukang'ambika, madzi amawira msanga n'kumathawira mu kabotolo ka pambali. Komanso musamathire madzi wamba okha. Amachititsa dzimbiri, dzimbirilo limatseka timachubu ta radiyeta ndipo limadya mapiko a pampu. Thirani kulanti, madzi apadera oziziritsa injini, wa mtundu umene buku la galimotoyo lanena.

Chimene ndikufuna mumvetse kwambiri ndi ichi. Injini yaing'ono imasunga madzi ochepa ndi oyilo wochepa, choncho zinthu zikasokonekera siikupatsani nthawi. Magalimoto ambiri aang'ono alibe ngakhale muvi wosonyeza kutentha, ali ndi getsi la buluu losonyeza kuti injini ndi yozizira ndi lofiira losonyeza kuti yatentha kale. Lofiiralo likayaka, patukani pomwepo n'kuzimitsa. Musanene kuti ndingofika kaye pamene ndikupita. Mutu wa injini zimenezi ndi wa aluminiyamu, umapindika ndi kutentha, ndipo ukapindika gasiketi imapsa. Dikirani mpaka payipi yapamwamba ya radiyeta izizire moti mungaigwire ndi dzanja, ndiye mutsegule chotsekeracho pang'onopang'ono mutachiphimba ndi nsalu. Mukachitsegula injini ili yotentha, madzi owira amakuthirani kumaso.

Funso: Ndili ndi Honda Fit ya 2006. Ndikamanyamuka pamalo imanjenjemera kwa kanthawi, kenako imayenda bwino. Ena akuti ndithire ATF wamba, oyilo wa giyabokosi ya otomatiki, akuti oyilo wa giya ndi mmodzimodzi. N'zoona?

Yankho: Si zoona, bambo, ndipo malangizo amenewo awononga magiyabokosi ambiri. Fit yanu ili ndi giyabokosi ya mtundu wa CVT. Mkati mwake mulibe magiya osinthana ngati a otomatiki wamba, muli lamba wachitsulo woyenda pakati pa mapule awiri amene amatseguka ndi kutsekeka. Lambayo amagwira mapulewo kudzera mu oyilo wopangidwira ntchito imeneyo. Mukathira wina, lamba amaterereka, amakanda mapule, ndipo pamenepo nthawi zambiri pamafunika giyabokosi ina.

Fit ya m'badwo woyamba imadziwika ndi kunjenjemera kumeneku. Ili ndi kilatchi yonyamukira mkati mwa giyabokosi, ndipo oyilo akakalamba kilatchiyo imagwira modukizadukiza. Yambani ndi kusintha oyiloyo, muthire wa Honda wotchedwa HMMF. Wina wa Honda yemweyo wotchedwa HCF-2 ndi wa magalimoto a pambuyo pake, musamuthire mu yanuyi. Pokhetsa samatuluka yense, choncho ngati wakaleyo anali wakuda kwambiri, yendani masiku angapo n'kusinthanso. Kunjenjemera kukapitirira, kilatchiyo iyang'aniridwe ndi munthu wodziwa CVT. Kwa ena amene mukuwerenga, Nissan imafuna NS-2 kapena NS-3, Toyota imafuna TC kapena FE, malinga ndi galimoto. Ine ndimalangiza kusintha pa makilomita 40,000 alionse. Muziimanso kotheratu musanachoke pa D kupita pa R, ndipo musamakokere galimoto ina ndi kagalimoto ka CVT.

Funso: M'mawa ndikatembenuza kiyi imangoti ta-ta-ta-ta, osalira. Kodi sitata yafa?

Yankho: Kawirikawiri ayi. Kugogoda kofulumira koteroko ndi batire yofooka kapena mateminolo, pomangira mawaya pa batire, omasuka. Agwedezeni ndi dzanja. Akasuntha kapena akakhala ndi ufa woyera, achotseni, muwapale mpaka chitsulo chiwale, n'kuwamanganso. Batire yodzaza imasonyeza mavoti 12.6 injini ili yozima, ndipo ikatsika pansi pa 12.0 ndiye kuti moto wake watsala pang'ono kutheratu. Injini ikalira payenera kuoneka pakati pa 13.5 ndi 14.5. Pakapanda kukwera, olitaneta, chipangizo chotchaja batire, siikutchaja. Sitata muikayikire ikagogoda kamodzi kokha magetsi akuwala bwino. Musalole munthu kuchotsa teminolo injini ikulira poyesa olitaneta, chifukwa zimatha kuwotcha kompyuta. Ndipo galimoto ya otomatiki siilira poikankha.

Funso: Vitz yanga ya injini ya lita imodzi imagwedezeka ndikaima giya ili pa D. Ndi matenda?

Yankho: Injini imeneyo, 1KR-FE, ili ndi masilinda atatu, ndipo kugwedezeka pang'ono ndi chibadwa chake. Kukakula mpaka chiwongolero n'kumanjenjemera m'manja, yang'anani mphira imene injini imakhalira, chifukwa ikang'ambika kugwedezeka konse kumalowa m'thupi la galimoto. Koma ngati mphamvu yachepanso, mwina silinda imodzi siikuwotcha. Kachipangizo ka OBD kakasonyeza P0302, vuto lili pa silinda yachiwiri. Makaniko asinthanitse koyilo (chopereka moto ku pulagi) ya silinda imeneyo ndi ya yoyamba. Nambala ikasintha kukhala P0301, koyiloyo ndi imene yafa. Ikapanda kusintha, ayang'ane pulagi kapena injekitala. Getsi la injini likamaphethira m'malo mongoyaka, musapitirize ulendo, chifukwa petulo wosapsa akupita mu ekizozi ndipo amawotcha catalytic converter, chipangizo choyeretsa utsi.

Funso: Galimoto yanga yadutsa makilomita 140,000. Anzanga akuti tsopano ndiyambe oyilo wolemera wa 20W-50, akuti ndi amene amateteza injini yakale. Nanga inu mukuti bwanji?

Yankho: Achemwali, kuchuluka kwa makilomita pakokha si chifukwa chosinthira oyilo. Injini zazing'ono zamakono zinapangidwira oyilo wopepuka, 0W-20 kapena 5W-30, ndipo zalembedwa m'buku la galimoto, nthawi zinanso pa chotsekera cha oyilo. Njira zake za oyilo ndi zopapatiza, ndipo zipangizo monga VVT-i (chosintha nthawi yotsegukira mavalavu) ndi chokungira tcheni zimagwira ntchito ndi oyilo yemweyo. Wolemera amachedwa kukwera pamwamba m'mawa, ndipo masekondi oyamba amenewo ndi pamene zitsulo zimadyana kwambiri. Ngati buku likulola yonse iwiri, 5W-30 ndi wabwino pa injini yoyenda chonchi. Kupitirira apo sindikukulangizani. Oyilo wolemera amangochepetsa utsi wa buluu, sakonza maring'i otha.

Kusintha pa nthawi yake n'kumene kuli kofunika kuposa. Ngati mumayenda maulendo aafupi, m'fumbi kapena moimaima, sinthani pa makilomita 5,000 kapena miyezi 6, chimene chayamba kukwana, pamodzi ndi fyuluta yake. Injini ya lita imodzi imasunga pafupifupi malita 3 okha a oyilo, ndipo pa injini zambiri mpata wa pakati pa timadontho tiwiri ta pa dipisitiki ndi pafupifupi lita imodzi. Oyilo akafika pa kadontho kapansi, gawo limodzi mwa magawo atatu latha kale. Getsi lofiira la oyilo musalidikire. Silinena kuti oyilo wachepa, limanena kuti mphamvu yake yagwa, ndipo likayaka mukuyenda injini imatha kunoka m'mphindi zochepa.

Ngati mukukayikira kuti injini yanu ikumwa oyilo, yezani motere. Imitsani galimoto pamalo athyathyathya, zimitsani, dikirani mphindi 5, solani dipisitiki, ipukuteni, ibwezereni mpaka pansi n'kuisolanso. Onjezerani oyilo mpaka pa kadontho kapamwamba, lembani makilomita, ndipo mudzayezenso pamalo omwewo mukayenda makilomita 1,000. Akatsika kupitirira theka la mpatawo, makaniko ayambe wayang'ana podontha pansi pa injini ndi valavu ya PCV yotulutsira mpweya wa m'kati mwa injini, imene ikatsekeka imakankhira oyilo kunja. Zimenezi zikapezeka zili bwino, ndiye ayeze kompuresheni ya silinda iliyonse asanaganize zotsegula injini.