Mango, galasi ndi apongozi: yankho kwa amai a ku Mtendere

Ndalandira imelo kuchokera kwa amai ena a ku Mtendere kuno ku Lusaka, dzina sinditchula poti nkhani yake ikukhudza apongozi ndipo sindikufuna banja la eni ligwedezeke chifukwa cha ine. Akuti apongozi awo abwera kuchokera ku Katete kudzaona zidzukulu, ndiye chibwerereni malamulo a panyumba asintha. Ana aletsedwa mango ati amabweretsa malungo, makamaka aawisi aja amadya ndi mchere. Bingu likangoyamba kugunda agogo amathamangira kukaphimba galasi ndi chitenje, wovala chofiira amauzidwa avule, foni azimitse. Kumapeto awonjezera kuti kakhanda kawo kakutsegula m'mimba, agogo ati ndi mano akumera basi, ndipo akufuna kupaka mankhwala pa liwombo poti lalowa. Funso lawo: "Pa zonsezi zoona ndi ziti? Kusukulu ndinapitako ine koma agogo akamalankhula amaoneka kuti akudziwa, ndipo chaka chatha mwana anadyadi mango nkudwaladi malungo."

Amai, za mango agogo sakunama pa zomwe anaona ndi maso. Nthawi ya mango ana amadwaladi malungo. Kungoti mlandu waperekedwa kwa wosalakwa. Mango amapsa cha mu November mpaka January, ndipo ndi nthawi yomweyo mvula imayamba, zithaphwi paliponse, m'mapazi a ng'ombe, m'maenje omwe anthu anaumbamo njerwa, m'mbali mwa madimba. Udzudzu umaikira mazira m'madzi oima amenewo ndipo kukamatentha pamangotha sabata imodzi kapena ziwiri dzira lija lasanduka udzudzu wouluka. Ndiye mwana masana ali mumtengo wa mango aliyense akumuona, usiku akulumidwa ndi udzudzu aliyense ali mtulo. Akadwala anthu akumbukira chiyani? Mango. Nzimbe, chimanga chachiwisi ndi kunyowa ndi mvula nazonso zimanamiziridwa mlandu womwewu pa chifukwa chomwechi.

Malungo enieni amabwera ndi tizilombo totchedwa Plasmodium, kuno kwathu kwenikweni mtundu wa falciparum womwe ndi woopsa kuposa inayo. Timalowa m'thupi udzudzu waukazi wa mtundu wa Anopheles ukakuluma, ndipo umakonda kuluma usiku. Chomwe anthu ambiri sadziwa nchakuti tizilomboti tikalowa sitiyamba kukudwalitsa pompo ayi. Timapita kaye ku chiwindi, timakachulukana mwakachetechete, kenako ndi pomwe timatulukira m'magazi nkuyamba kuphulitsa maselo ofiira, apo ndiye kuzizidwa, kunjenjemera, mutu, kusanza. Ulendo umenewu sutenga masiku ochepera 7, kawirikawiri ndi 10 mpaka 15. Ndiye mwana wanu uja chaka chatha, ngati anadya mango Lachiwiri nkutentha thupi Lachitatu, malungowo anali kale m'thupi mango aja asanathyoledwe nkomwe.

Musaganize kuti ndi agogo a ku Katete okha anasokonezeka apa. Azungu kwa zaka mazanamazana ankakhulupirira kuti malungo amabwera ndi mpweya wonunkha wa m'madambo, madokotala ophunzira ndithu, mpaka ankatseka mawindo usiku kuopa mpweya. Nawonso anaona bwino kuti okhala pafupi ndi dambo amadwala kwambiri, koma osaganizira udzudzu. Munali mu 1880 pomwe dokotala wa asilikali wa ku France, Alphonse Laveran, akugwira ntchito ku Algeria, anaona tizilomboti m'magazi a wodwala pa maikulosikopu. Kenako pa 20 August 1897 Ronald Ross ali ku India anatipeza m'mimba mwa udzudzu womwe unayamwa magazi a munthu wodwala malungo. Tangoganizani kukhala pansi kumang'amba mimba za udzudzu umodziumodzi, ntchito imeneyo ine sindingaithe. Ross anapatsidwa mphotho ya Nobel mu 1902.

Manje pali china chokhudza ife a mu Lusaka. Kuno malungo ndi ochepa kuyerekeza ndi ku Luapula kapena kumudzi ku Eastern, koma ife kutentha thupi kulikonse timangoti malungo, nkuthamangira kukagula Coartem, mankhwala a malungo aja, osayezetsa. Chonde ayi. Ku kiliniki amangobaya chala, kadontho ka magazi pa kapulasitiki kaja, mphindi 15 kapena 20 zotsatira zatuluka. Ngati mwana anapita kumudzi pa holide muwauze anesi, zimathandiza. Ngati si malungo ndiye afufuze china, chifukwa nthawi ya mvula mu komboni muli matenda ena omwe amabweradi kudzera pakamwa. Apa ndi pomwe mango angakhale ndi kamlandu pang'ono: bango lotola pansi pomwe padutsa madzi osefukira kuchokera ku zimbudzi, kapena logula pamsika ntchentche zili ng'waa, mwana nkungolipukuta pa malaya nkuluma. Tonse tikukumbuka kolera ya kumayambiriro kwa 2024, National Heroes Stadium inasanduka chipatala ndipo masukulu anachedwa kutsegulidwa. Ndiye mango atsukidwe ndi madzi abwino, manja asambidwe ndi sopo, ana adye, muli mavitamini A ndi C ambiri m'menemo. Aawisi akachulukitsa m'mimba mupota basi, si malungo. Ndipo funso loti muwafunse agogo mwaulemu ndi lakuti kodi neti ija anapereka ku kiliniki ili pabedi kapena yatchinga ndiwo kudimba.

Za galasi ndi zovala zofiira, apa palibe chilichonse. Mphenzi, kapena kaleza monga timanenera kuno, ndi magetsi omwe amaunjikana m'mitambo nkudumphira pansi, ndipo ilibe maso oti ione mtundu wa malaya. Imatsata chinthu chomwe chatalika kuposa zinzake pamalopo, mtengo uli wokha, mlongoti wa netiweki, munthu woima pabwalo la mpira kapena pakati pa munda. Galasi limangobweza kuwala kwa chiphaliwali ndiye m'chipinda mumawala kawiri, mwina mantha anayambira pamenepo. Foni ya m'manja siitana mphenzi. Chomwe chili ndi vuto ndi chilichonse cholumikizidwa ku waya wa magetsi kapena paipi, chifukwa mphenzi ikagwa pa waya kunja mphamvu ija imatha kuyenda mpaka m'nyumba. Foni ili pa chaja isiyeni, TV muzule, kusamba pa shawa dikirani ipite.

Zoti mphenzi siigwa pamalo amodzi kawiri ndi bodza lomwe ngakhale ophunzira amalinena. Nyumba yaitali ija ya ku New York, Empire State Building, imawombedwa maulendo pafupifupi 20 kapena kuposerapo chaka chilichonse. Kunalinso bambo wina woyang'anira nkhalango ku America, Roy Sullivan, anawombedwa ka 7 pakati pa 1942 ndi 1977 ndipo maulendo onsewo anapulumuka. Akanakhala wa kwathu kuno bwenzi abale atatha ng'ombe kwa asing'anga kufufuza yemwe akumutumizira. Chonsecho ntchito yake inali yokhalira panja m'mapiri nthawi ya mvula.

Chomwe chimapha anthu kwenikweni ndi kuusa mvula pansi pa mtengo. Mphenzi ikamenya mtengo mphamvu imadumphira kwa amene waima pafupi, ina imayenda m'nthaka, nchifukwa chake mumamva kuti ng'ombe zingapo zafera pamodzi pansi pa mtengo umodzi. Muwaphunzitse ana kuwerenga: akaona chiphaliwali awerenge masekondi mpaka bingu limveke, masekondi atatu alionse ndi kilomita imodzi. Koma lamulo losavuta ndi lakuti bingu likamveka mpira uthe, aliyense m'nyumba. M'galimoto kapena mu minibasi yotseka mawindo mulinso bwino, osati chifukwa cha matayala monga amanenera, koma chitsulo cha bodi chimatenga mphamvu ija nkuitsitsira pansi. Ndipo munthu wowombedwa ndi mphenzi sasunga magetsi m'thupi, mugwireni, muthandizeni, ambiri amapulumuka akathandizidwa msanga.

Ndiye kunena zoona amai, galasi lisiyeni liphimbidwe. Chitenje pagalasi sichipweteka munthu, ndipo simungakangane ndi apongozi pa chilichonse, mudzatopa. Mphamvu zanu zisungireni nkhani ya khandayo, chifukwa mu imelo yonse ija yomwe yandidetsa nkhawa ndi imeneyo ngakhale munailemba ngati yongowonjezera.

Mano akamamera mwana amavutavuta, dovu limachuluka, nkhama zimayabwa, koma mano satsegula m'mimba. Zimangokumana nthawi: pa miyezi 6 mwana wayamba phala, wayamba kukwawa, chilichonse chomwe wapeza pansi chikupita kukamwa, ndipo chitetezo chomwe anabadwa nacho kuchokera kwa inu chikuchepa. Liwombo ndi mpata womwe mafupa a mutu sanalumikizane, limatsekeka lokha mwana akamafika chaka ndi theka kapena kuyandikira ziwiri. Likalowa mkati mwana akutsegula m'mimba, ndiye kuti madzi atha m'thupi. Agogo aonanso bwino apa, liwombo lolowa ndi chizindikiro choopsadi ndipo ana amafa nacho, koma chopaka pamutu sichibweza madzi omwe akutuluka kumusi.

Pitirizani kuyamwitsa pafupipafupi, musasiye. Mupatseni ORS, madzi a mchere ndi shuga aja obwezera madzi m'thupi, pang'onopang'ono ndi kasupuni, paketi imodzi musungunule m'madzi owiritsa monga alembera papaketipo. Ngati paketi palibe usiku, lita imodzi ya madzi owiritsa ozizira, masupuni a tiyi 6 a shuga osadzaza mpaka phiri, ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere, osapitirira apo. Koma poti liwombo lalowa kale, zimenezi muchite muli m'njira yopita ku kiliniki lero lomwe, osadikira mawa, makamaka ngati maso alowa, akulira opanda misozi, thewera likukhala louma nthawi yaitali kapena akungogona osafuna bere. Akakupatsani mapiritsi a zinc mumalize masiku onse 10 mpaka 14 olo kutsegulako kutasiya. Agogo muwatenge mupite nawo limodzi, muwapemphe kuti akuperekezeni poti iwo ndi akulu, ndipo mukafika anesi awafotokozere okha za liwombolo.