Milandu ya pamsewu pa fomu ya ntchito yoyendetsa ndege: yankho kwa mnyamata wa ku Kapata

Kalata imene ndikuyankha yachokera kwa mnyamata wa ku Kapata, muno mu Chipata. Anaphunzira kuyendetsa ndege ku South Africa, laisensi ya kuno ali nayo, ndipo tsopano akudzaza fomu ya kampani ina ya ndege. Pa fomupo afunsa ngati khoti linamupezapo wolakwa pa mlandu uliwonse, kuphatikizapo ya pamsewu. Iye ali ndi zitatu kumbuyo. Kawiri anagwidwa akuthamangitsa galimoto pa Great East Road, cha ku Nyimba ndi cha ku Katete, nalipira, apolisi n'kumupatsa lisiti. Kamodzi, zaka zisanu zapitazo, anagwidwa usiku akuyendetsa atamwa, anakavomera mlandu pamaso pa majisitireti, analipira faindi, ndipo laisensi yake ya galimoto inaimitsidwa kwa kanthawi. Amalume ake akuti alembe "ayi", poti zakale ngati zimenezi palibe amene angazifukule. Akufunsa ngati atero.

Achimwene, musalembe "ayi".

Amalume anu sindikuwaweruza. Banja likagulitsa ng'ombe ndi matumba a nsawa kuti mwana akaphunzire ndege, aliyense amaopa kuti kamzere kamodzi ka pa fomu kangataye zonsezo. Koma malangizo awowo ndi amene angazitayedi. Mlandu suola, ndipo pa ntchito imene mukufunayi pali anthu amene udindo wawo ndi kufufuza mbiri yanu. Woyendetsa ndege amalowa m'mbali za bwalo la ndege zimene munthu wamba saloledwa, kaya ndi pa Kenneth Kaunda International Airport kapena pa Mfuwe. Malamulo a ICAO, bungwe loona za ndege pa dziko lonse, mu gawo lawo lotchedwa Annex 17, amafuna kuti munthu wolowa m'malo otere popanda womuperekeza ayambe wafufuzidwa. Choncho ngakhale kampani itakukhulupirirani pa zimene mwalemba, tsiku lokatenga chiphaso cholowera pabwalo adzafunabe police clearance, chikalata cha apolisi choonetsa ngati muli ndi mbiri ya milandu, ndipo chikalata chimenechi chimatuluka potengera zidindo za zala zanu. Mukavomera mlandu m'khoti, musayembekezere kuti zala zanu zidzakubisirani.

Tiyeni tisiyanitse zitatu zanuzo, chifukwa sizilemera mofanana.

Ya mowa ndi yosavuta kuiyankha, ngakhale ndi yolemera kuinyamula. Munaima pamaso pa majisitireti, munavomera, khoti linagamula. Pa malamulo kumeneko ndiko kupezeka wolakwa, ndipo kuti chilango chinali faindi osati ndende sikusintha kanthu. Ambiri amaganiza kuti ngati sanagone m'chitokosi ndiye kuti alibe mlandu. Ali nawo. Kuyendetsa galimoto utaledzera ndi mlandu pansi pa Road Traffic Act, lamulo nambala 11 la 2002, ndipo funso la pa fomu yanu likuukhudza mwachindunji.

Ziwiri za liwiro zija ndi pamene pamafunika kudekha. Anthu a kwathu kuno amaona ndalama ya pamsewu ngati msonkho wa pamsika: walipira, wapita, nkhani yatha. Koma tayang'anani pepala limene munasaina. Ngati palembedwa kuti admission of guilt, ndiye kuti munavomera kulakwa mwa kulemba. Njira imeneyi ili mu Criminal Procedure Code, ndipo cholinga chake n'chakuti munthu wa mlandu waung'ono asavutike kukaonekera kukhoti; pepala lake ndi ndalama zake ndi zimene zimamuimirira. Sikuti mlandu sunakhalepo. N'chifukwa chake sindingakuuzeni kuti muzisiye. Pa fomu imene yanena momveka kuti "kuphatikizapo ya pamsewu", zilembeni zonse ziwiri. Sindinaonepo kampani yanzeru ikukana munthu waluso chifukwa chothamanga kawiri m'zaka zambiri pa msewu wa makilomita oposa 500 wa Chipata ndi Lusaka. Chimene amachiopa ndi chizolowezi, munthu wogwidwa mwezi ndi mwezi, poti wosasamala malire pansi angakhale wosawasamala kumwamba.

Ndinene pang'ono kwa ena amene akuwerenga: ndalama yopereka m'manja popanda lisiti si faindi ayi. Ndi chiphuphu, ndipo lamulo limagwira wopereka ndi wolandira yemwe.

Tsopano ufulu wanu, chifukwa kunena zoona sikutanthauza kukhuthula zonse za m'mimba. Muli ndi udindo woyankha funso limene mwafunsidwa, monga mmene lalembedwera, ndipo mafomu amasiyana. Ina imafunsa za "convicted" basi, kutanthauza kupezeka wolakwa m'khoti. Pamenepo mlandu umene unachotsedwa, kapena umene khoti linakupezani osalakwa, simukakamizidwa kuutchula. Ina imawonjezera "arrested" (kumangidwa) kapena "charged" (kuimbidwa mlandu); pamenepo ngakhale usiku umodzi wa papolisi umene sunafike kukhoti uyenera kulembedwa. Ina imati musatchule milandu ing'onoing'ono ya pamsewu. Pamenepo za liwiro zija mukhoza kuzisiya ndi mtima woyera, koma ya mowa ayi, siing'ono. Ina imaika malire a zaka, mwina zisanu, mwina khumi. Ikatero, werengani kuyambira tsiku la chigamulo lolembedwa pa pepala la khoti, osati mmene mukukumbukirira. Ndipo liwu lakuti "ever", kutanthauza nthawi ina iliyonse pa moyo wanu, likaoneka, malire palibe. Mukakayika chimene funso likutanthauza, lemberani ofesi yolemba anthu ntchito muwafunse, yankho lawo mulisunge. Zimene mwaulula nazonso zili ndi chitetezo: Data Protection Act ya 2021 imafuna kuti amene watenga mbiri ya munthu aigwiritse ntchito pa cholinga chimene anaitengera, osati kuiwanditsa.

Mwina kusukulu munamva anzanu akunena kuti milandu yakale imafufutika yokha. Ku Britain kuli lamulo la 1974, Rehabilitation of Offenders Act, limene limalola kuti milandu ina isamatchulidwenso pakapita nthawi, ndipo ku South Africa munthu akhoza kupempha kuti milandu ina ichotsedwe pakatha zaka khumi. Amenewo ndi malamulo a kumeneko, a milandu ya kumeneko. Wanu unagamulidwa ndi khoti la Zambia. Musadzigamulire nokha kuti unatha chifukwa zaka zadutsa.

Chimene ndikufuna muchite musanasaine chilichonse ndi kudziwa mbiri yanu musanaiuzidwe ndi ena. Pitani ku Subordinate Court, khoti la majisitireti kumene mlandu unazengedwa, mukaonane ndi kalaliki wa khoti, mupemphe kope yotsimikizidwa ya chigamulo. Mukhale ndi dzina monga linalembedwera, chaka, ndi nambala ya mlandu ngati muli nayo; lisiti la faindi limathandiza kwambiri kupeza failo. Kenako ku RTSA, bungwe lopereka malaisensi a galimoto, mukafunse zimene zalembedwa pa laisensi yanu, makamaka ngati kuimitsidwa kuja kunachotsedwa m'mabuku. Kenako kupolisi, mukadinde zala, mupemphe police clearance yanuyanu. Zidindozo zimakayang'anidwa ku likulu la apolisi ku Lusaka, choncho sizituluka tsiku lomwelo. Popeza munakhalako ku South Africa, yembekezerani kuti adzafunanso chikalata chotere cha apolisi a kumeneko. Mukapeza kuti pa chikalata palembedwa cholakwika, mwina mlandu wa munthu wina wa dzina lofanana ndi lanu (a Banda ndi a Phiri tilipo ambiri), pepala la khoti lija ndilo mudzagwiritse ntchito popempha kuti akonze.

Nanga police clearance ikatuluka yoyera? Zimachitika, mapepala amasochera. Ndipo apa ndi pamene mayesero amakula, poti mtima umati ndapulumuka. Yankho langa silisintha. Fomu sikufunsa zimene apolisi akukumbukira. Ikufunsa zimene zinachitika, ndipo inu mukuzidziwa. Failo ya kukhoti ikadalipo, buku la RTSA likadalipo, ndipo amene anakuonani tsiku lija akadali ndi moyo.

Kalembedwe kake kakhale kakafupi. Tsiku, khoti, mlandu, chilango, kuti faindi inalipidwa, kuti laisensi inabwezedwa pa tsiku lakutilakuti, ndi kuti chichokereni apo simunagwidwenso ndi mlandu wotere. Ziganizo zinayi kapena zisanu zakwana. Musadzudzule wapolisi, musanene kuti munangomwa awiri, musalowetsemo anzanu. Wowerenga fomu ya woyendetsa ndege amafuna kuona ngati munthuyu angathe kunena kuti "ndinalakwitsa" popanda kuzungulira, chifukwa chitetezo cha ndege chimadalira oyendetsa amene amaulula zolakwa zawo asanafunsidwe. Mukaitanidwa kukafunsidwa mafunso, nenani zomwezo, m'mawu omwewo, mapepala ali m'manja.

Pali fomu ina imene simunaitchule m'kalata yanu koma ndi yofunika chimodzimodzi: ya dokotala. Woyendetsa ndege za malonda amafunika chiphaso cha umoyo cha Class 1, ndipo malamulo a ICAO mu Annex 1 amaika nkhani ya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo m'manja mwa dokotala woyeza. Mlandu umodzi wakale sutanthauza kuti muli ndi vuto la mowa, koma dokotala ali ndi ufulu wofunsa ndi kufuna kuyeza zambiri. Zimene mwauza dokotala, zimene mwauza Zambia Civil Aviation Authority, bungwe loyang'anira za ndege m'dziko muno, ndi zimene mwauza kampani zifanane. Ndi kusiyana kwa mapepala kumene kumagwetsa anthu. Ndipo ngati tsiku lina mudzafuna laisensi ya ku America, dziwani kuti kumeneko salekerera ngakhale pang'ono: fomu ya umoyo ya FAA, bungwe loyang'anira za ndege kumeneko, imafunsa mwachindunji za kumangidwa kapena kuweruzidwa chifukwa choyendetsa utamwa, woyendetsa ndege amayenera kunena za chigamulo chotere pasanathe masiku 60, a FAA amayerekeza mayankho ndi kaundula wa oyendetsa galimoto wa dziko lonse, ndipo kunama pa fomuyo ndi mlandu umene ungafike zaka zisanu m'ndende.

Sindikulonjezani kuti mukaulula adzakulembani. Palibe lamulo lokakamiza kampani kutenga munthu amene ali ndi mlandu wa mowa, ndipo ena adzakukanani. Zimenezi zimandipweteka kunena, koma ndi zoona. Chimene ndingakuuzeni ndi kusiyana kwa zotsatira. Mukakanidwa mutanena zoona, mwataya mwayi umodzi. Laisensi ndi dzina muli nazobe, ndipo chaka chilichonse chodutsa opanda mlandu chikukuthandizani. Mukalembedwa mutanama, pansi pa fomupo munasaina kuti zonse ndi zoona, ndipo bodzalo likadzadziwika, kaya patapita zaka zitatu, ndi chifukwa chokwanira chokuchotserani ntchito. Employment Code Act ya 2019 imafuna kuti bwana akhale ndi chifukwa chomveka ndiponso akumvereni mbali yanu musanachotsedwe, ndipo muli ndi masiku 90 okadandaula ku nthambi ya High Court yoona za ntchito. Ufulu umenewo ulipo. Koma loya aliyense amavutika kuimirira munthu pamene fomu yosainidwa ikuti "ayi", pepala la khoti likuti "inde". Onjezani apo kuti makampani ambiri amalipirira woyendetsa watsopano maphunziro a mtundu wa ndege imene adzayendetse, n'kumusainitsa pangano lakuti akachoka nthawi isanakwane adzabweza ndalamazo. Werengani panganolo bwino. Likhoza kukusiyani opanda ntchito koma muli ndi ngongole. Ndipo oyendetsa ndege mu Zambia ndi ochepa, amadziwana.

Yambani ndi khoti sabata ino, chifukwa mafailo akale ndi amene amachedwa kupezeka. Tsiku lotsekera mafomu likafika mapepala asanatuluke, tumizani fomuyo mutalemba "inde" ndi kufotokoza kwanu, n'kuwonjezera mzere umodzi wonena kuti kope za khoti ndi za apolisi mwazipempha kale ndipo mudzazitumiza zikangotuluka. Ngati mukufuna wina aone mawu a funsolo musanasaine koma ndalama ya loya palibe, pitani ku ofesi ya Legal Aid Board muno mu Chipata, mutanyamula fomuyo, malisiti awiri aja ndi lisiti la kukhoti.