Chimbale cha Pink Floyd Pakati pa Mabulangete

Mphwanga, wafunsa kuti zimbale zakale zomwe unaziona m'chikwama changa ndimazitani, komanso ngati ungayambe geni imeneyi ndi kandalama kako ka fodya. Ndiyambe ndi funso lachiwirilo: ayi, mpamba wako usauike pamenepo. Ine chondilipirira basi ya ku Joni ndi mabulangete, nsapato ndi mafuta odzola. Zimbalezi zimangokwera nawo.

Chomwe unachigwira chija, chaching'ono ngati kambale ka tiyi, ndi nyimbo ya Pink Floyd, gulu loimba la ku England, yotchedwa "Another Brick in the Wall (Part 2)". Anailemba Roger Waters, mmodzi wa gululi, podandaula za aphunzitsi ankhanza a ku England, ndipo ana omwe amamveka akuimba nawo anali a sukulu ya Islington Green ku London. Inatuluka mu Novembala 1979, pofika Khirisimasi inali nambala wani ku Britain. Koma chimene chimandisakitsa nyimboyi ndi zomwe zinachitika ku South Africa. Mu 1980 ophunzira, kuyambira a ku Cape Town, ananyanyala sukulu pokana maphunziro a tsankho, n'kumaimba nyimbo yomweyi. Boma la azungu linailetsa, pamodzi ndi chimbale chake chachikulu cha The Wall. Ndiye munthu wa ku Manchester amene ali kale ndi cha kwawo amafunanso chodindidwa m'dziko lomwe chinaletsedwa. Wogula wanga ndi ameneyo.

Apa m'pamene ambiri amapsa manja. Amamva kuti nyimboyi ndi yotchuka, basi n'kuganiza kuti chimbale chilichonse ndi golide. Kutchuka kwakeko n'kumene kumagwetsa mtengo: ku Britain kokha zinagulidwa zopitirira miliyoni imodzi, zili mbwee m'nyumba za anthu. Cha ku Britain chimakhala cha kampani ya Harvest, nambala yake HAR 5194, kuseri kuli nyimbo ya "One of My Turns". Cha ku America ndi cha Columbia. Ukapeza cha Harvest chokalika, chopanda chikuto, chisiye pomwepo, sichingakubwezere ndi ndalama ya chipisi yomwe.

Ndimazipeza m'mashopu a katundu wakale ndi m'misika ya Lamlungu, monga wa ku Rosebank. Nthawi zambiri ndi za agogo amene anamwalira, ana awo n'kungotuta zonse m'katoni. Ndimakhala chonjuta pamenepo, kutulutsa chimodzichimodzi. Choyamba ndimawerenga pepala la pakatilo kuti ndione dziko lomwe chinadindidwa. Kenako ndimachipendeketsa padzuwa. Pakati pa pepala lija ndi pomwe nyimbo yathera pali malo osalala, ndipo pamenepo pamakhala timanambala tozokotedwa, tina ngati tolembedwa ndi msomali. Timeneto ndimatijambula n'kutiyerekeza ndi zomwe zili pa Discogs, tsamba la pa intaneti pomwe osonkhanitsa zimbale amalemba mtundu uliwonse ndi mitengo yomwe zagulitsidwapo. Pomaliza chala. Ukadutsitsa nsonga ya chala pa mkwasa n'kumva kuti wakodola, singano nayo ikodola pomwepo. Mkwasa woti diso likuuona koma chala sichikuumva, umenewo ndi wokambirana.

Ogula ali ndi chinenero chawo, uyenera kuchidziwa: Mint (changwiro ngati chatsopano), Near Mint (chotsala pang'ono kufika pamenepo), VG+, VG (Very Good, chabwino koma chooneka kuti chinagwira ntchito), n'kumatsika. Chimbale amachiyeza pachokha, chikuto pachokhanso. Ine ndimalemba sitepe imodzi pansi pa momwe ndikuonera. Mzungu ukamuuza kuti Near Mint iye n'kumva kuthetheka ngati nyama pamoto, akubwezera katundu n'kukulembera mbiri yoipa, ndipo mbiri imeneyo siifufutika.

Za ulendo tsopano. Chomwe ndapezera wogula wa kunja ndimachitumiza ndili ku Joni komweko, sindichiwolotsa malire chabe. Zobwera nazo kuno ndi za makasitomala ochepa a ku Blantyre ndi Lilongwe: madala awiri atatu omwe anasunga magalamafoni awo, ndi anyamata oimbitsa nyimbo amene ayamba kukonda zakalezi. Njira ukuidziwa, Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue, mpaka Mwanza. Mdani wamkulu pa njira yonseyi si munthu ayi, ndi dzuwa la ku Tete. Ulendo wina mu Okutobala ndinalola kuti katoni yanga ikwere m'ngolo ya kumbuyo kwa basi, itagona chafufumimba, mabelo pamwamba pake. Basi inaima masana onse. Pofika kunyumba zimbale khumi ndi ziwiri zinali zitapindika ngati chiwaya, china mwa izo chodindidwa ku South Africa chomwe ndinali nditachisaka miyezi isanu. Ndinayesa kuchipanikiza ndi mabuku sabata zitatu, koma chikazungulira singano inkangovina. Kuyambira pamenepo zimakhala chilili, zothinana bwino pakati pa makatoni olimba, m'kachikwama ka pamiyendo panga, kutali ndi zenera. Chimbale ndimachitulutsa m'chikuto n'kuchiika pambali pake, chifukwa kugwedezeka kwa basi kumachititsa kuti mkombero wake uboole chikutocho.

Pa chipata uzilembetse ngati katundu wina aliyense, malisiti ali m'manja. Wogulitsa wa pamsika uzimupempha akulembere ngakhale pa kapepala. Popanda lisiti mtengo akuikira ndi ena, ndipo msonkho uwerengedwa pamenepo.

Chovuta china ndi kudikira. Bulangete ndikafika nalo mu Juni latha sabata yomweyo. Chimbale chimatha kukhala chaka m'kabati, ndalama ili gone, kwacha ikugwa, randi ikukwera. N'chifukwa chake pa ulendo umodzi sindigula zopitirira zomwe ndingapirire zitatayika.

Ngati mtima sukukhazikikabe, tiye limodzi ulendo wa mwezi wamawa. Pasipoti yako ione ngati siinathe. Udzandinyamulira mabelo Lachisanu ndi Loweruka, Lamlungu tidzapite kumsika ndikakuonetse timanambala tija. Ubwere ndi katochi, maso angawa ayamba kundinamiza.