Nyimbo yachichewa mu UltraStar: chikusokoneza ndi GAP ndi BPM

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amatsogolera achinyamata kumpingo kwawo, yofunsa za UltraStar, sewero la pakompyuta loimba motsatira mawu a pa sikirini. Analemba kuti: "Tinaika UltraStar Deluxe pa laputopu, mamaiki tili nawo awiri, koma nyimbo zimene tapeza nzachingerezi zokhazokha. Ndinayesa kupanga yathu. Liwu la woimba ndinachotsa bwinobwino, koma mawu a pa sikirini akuthamanga kusiya nyimbo m'mbuyo. Ndikulakwitsa pati?"

Achemwali, poyamba mtima m'malo. Kuchotsa liwu la woimba ndi gawo laling'ono la ntchitoyi, ndipo m'masewera oimba ngati amenewa simukakamizidwa kutero. Sewero la SingStar, limene linatuluka pa PlayStation 2 mu 2004 ndipo UltraStar inatengerako nzeru, linkasiya woimba akumveka kuti azikutsogolerani. Mukafunabe zida zokhazokha, Ultimate Vocal Remover ndi yaulere, komanso ilipo Spleeter imene Deezer inatulutsa mu 2019. Ine kwa ana oyamba kumene ndimasiya liwu la mwini nyimbo, chifukwa popanda iye amachita manyazi nkungoti zii.

Vuto lanu lili m'kafayilo ka .txt kamene kamakhala limodzi ndi MP3. Pamwamba pake pali mizere iwiri imene imalamulira zonse, #GAP ndi #BPM. GAP ndi nthawi yoyambira pamene nyimbo yayamba kufika pamene woimba watsegula pakamwa, ndipo imalembedwa m'mamilisekondi. BPM ndi liwiro la nyimbo, kuchuluka kwa kugunda kwake pa mphindi imodzi. Kuti mupeze GAP, tsegulani nyimboyo mu Audacity, pulogalamu yokonzera mawu ojambulidwa, kulitsani mafunde aja mpaka muone pamene liwu loyamba latulukira. Ngati ndi pa masekondi 12.4, lembani 12400. Osangoyerekeza ndi khutu ayi.

Ndiye mvetserani bwino. Ngati mawu atsogola mofanana kuyambira koyamba mpaka kumapeto, GAP ndiye yolakwika. Koma ngati poyamba zikugwirizana, kenako mpata nkumakula pang'onopang'ono mpaka pakolasi yomaliza zasiyana kutalitali, BPM ndiye yalakwika. Momwe mwafotokozera, ndikuganiza kuti lanu ndi lachiwirili. UltraStar imagawa kugunda kulikonse panayi, moti mukalemba BPM 300, kagawo kamodzi ndi mamilisekondi 50. Nyimbo yogunda 120 ambiri amailemba 240 kuti tizigawo tikhale tating'ono. Ine nyimbo yanga yoyamba inandidyera madzulo atatu chifukwa ndinalemba 240 pomwe inafunika 241.5. Kasiyanidwe kakang'ono choncho kanataya vesi yonse yachitatu.

Palinso china chokhudza ife a makwaya. Nyimbo yojambulidwa m'tchalitchi, ya ng'oma ndi m'manja, siyenda liwiro limodzi. Anthu akatenthedwa amafulumira. Yoteroyo BPM imodzi siyingaikwanire, muyenera kusuntha mzere uliwonse pamanja. Yambani ndi yojambulidwa ku studio pa kiyibodi, yaifupi.

Tsopano mawu enieniwo. Mzere uliwonse m'fayilo ndi silabulo imodzi: poyambira, kutalika kwake (ziwirizi zimawerengedwa m'tizigawo tija), noti, kenako silabuloyo.

: 0 2 7 M
: 2 4 7 ti
: 6 6 5 ma

Apa Chichewa chimatikomera, poti masilabulo athu amathera pa a, e, i, o, u, ndiye kudula sikuvuta. Koma taonani "m" uja wa "mtima". Oimba ena amam'patsa noti yakeyake, ena amam'meza nkuimba "mti" kamodzi. Tsatirani woimba, osati buku la galamala. "Ng'o" wa "ng'ombe" musam'dule pakati, ndipo fayilo muisunge ngati UTF-8, apo ayi "ŵ" adzasanduka zizindikiro zosaŵerengeka. Silabulo ikakokedwa pa manoti angapo, pa noti zotsatirazo ikani ~.

Manambala a noti asakuopseni, inu odziwa sol-fa mwapambana kale. Mu kiyi ya C, d ndi 0, r ndi 2, m ndi 4, f ndi 5, s ndi 7, l ndi 9, t ndi 11. Kiyi ikakhala D, onjezerani 2 paliponse. Chimene chimandisangalatsa nchakuti seweroli siliyang'ana octave, choncho bambo wa besi ndi kamtsikana ka soprano akhoza kupikisana pa nyimbo imodzi popanda wobeledwa. Mukaika * m'malo mwa : noti imeneyo imakhala yagolide, ya mapointi ambiri. Muziisungira pamene onse amakonda kukweza mawu. Mzere wa nyimbo ukatha mumaika -, ndipo fayilo yonse imatsekedwa ndi E.

Kulemba zonsezi pamanja nkotopetsa. Pulogalamu ya UltraStar Creator imakulolani kugogoda batani nyimbo ikulira, silabulo iliyonse kamodzi, kenako mumakonza bwino mu pulogalamu ina yotchedwa Yass.

Za umwini ndisazilumphe. Kafayilo ka .txt mwavutikira ndinu, koma nyimbo ndi mawu ake nza eni ake. Musamagawe MP3 za oimba athu pa WhatsApp, ndipo ngati mudzalipiritsa pakhomo, kafunseni kaye ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo ku Malawi.

Nditumizireni mizere yapamwamba ya fayilo yanu ndi mphindi imene mawu ayamba kuthawa, tione limodzi BPM yoyenera.