Muloleni ayambe ntchito, koma asadumphitse mankhwala

Mayi, mwafunsa ngati mwana wanu amene ali ndi khunyu angagwire ntchito. Muloleni mwana wanuyo ayambe ntchito imene wapezayo, pakuti khunyu si chifukwa chotsekera munthu wamkulu m'nyumba. Mchemwali wanga, yemwenso ali ndi khunyu, anasiya kugwa pafupipafupi atayamba kumwa mankhwala pa nthawi yake tsiku lililonse, kugona mokwanira ndiponso kupewa mowa.

Chimene ndimaona kuti n'chofunika kwambiri ndi chakuti mwana wanuyo iye mwini awauze anzake akuntchito zochita akagwa: amugoneke chammbali, achotse zinthu zimene zingamuvulaze, ndipo asamuike kanthu m'kamwa. Anzakewo adziwenso kuti matendawa sapatsirana. Kunyumba mwana wanuyo asamaphike yekha pa mbaula.

Akagwa n'kumanjenjemera kupitirira mphindi 5, kapena akagwa mobwereza asanatsitsimuke, thamangirani naye ku chipatala chachikulu cha Kamuzu, ndipo asasiye kapena kusintha mankhwala asanaonane ndi dokotala.