Nthambi yoima payokha ndi yosaima payokha m'Chingerezi: yankho kwa mtsikana wa Fomu 4

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa Fomu 4 amene akukonzekera mayeso a MSCE. Akuti akafunsidwa kuti apeze main clause ndi subordinate clause m'chiganizo, mutu umangoima. Analoweza mawu monga "because", "although", "who" ndi "where", komabe akulakwa. Akufunsa ngati pali njira ina.

Mwana wanga, mtima m'malo. Nkhaniyi unaiphunzira kale m'kalasi ya Chichewa. Main clause ndi ija aphunzitsi ako amaitcha nthambi yoima payokha, ndipo subordinate clause ndi nthambi yosaima payokha. Zonse ziwiri zimakhala ndi mwininkhani komanso mneni. Mneni akasowa, gulu la mawulo ndi kapandamneni chabe.

Tayesa izi madzulo ano. Lowa kukhitchini uwauze amayi ako kuti, "Chifukwa mvula inagwa," ndiye ukhale duu. Adzatembenuka mthiko uli m'manja n'kukufunsa kuti, "Eya, ndiye zatani?" Funso limenelo ndilo chizindikiro chako. Nthambi imene imasiya munthu akudikira ndi yosaima payokha. "Because it rained" imasiya munthu m'malere, pomwe "We stayed at home" imamveka yokha.

Msampha woyamba ndi wakuti nthambi yoima payokha nthawi zina imadulidwa pakati. Taona ichi: "The man who sold us the goat has died." Ana ambiri amalemba mzere kunsi kwa mawu oyambirira n'kuthamangira funso lina. Chotsa "who sold us the goat", chotsala ndi "The man has died". Imeneyo ndiyo main clause, ngakhale mutu wake uli uku mchira uli uko.

Tsopano chimene chikukugwetsa kwenikweni ndi kulowezako. Ndimamva chisoni ndikaona mwana wakhama atadzaza kope ndi mndandanda wa alumikizi, poganiza kuti "where" aliyense ndi wa malo basi. Mtundu wa nthambi umadziwika ndi ntchito imene ikugwira. Tenga mawu atatu awa, "where she lives". Mu "I know where she lives", akuyankha funso lakuti ndikudziwa chiyani, choncho ndi noun clause, nthambi ya dzina. Ukhoza kuwachotsa n'kuikapo "it". Mu "This is the house where she lives", akufotokoza dzina lakuti "house" limene lili kumbuyo kwawo, ndiye ndi adjectival clause, nthambi ya mfotokozi. Mu "I will build where she lives", akuonjezera tanthauzo la mneni "will build", motero ndi adverbial clause, nthambi ya muonjezi. Mawu sanasinthe ngakhale limodzi, koma mayankho ndi atatu. Amene analoweza adzakhoza limodzi lokha.

Za mpatuliro (comma) sindichulutsa: nthambi ya muonjezi ikatsogola, ika mpatuliro isanayambe yoima payokha, monga "When the bell rang, we left."

Pali cholakwika china chimene ndikufuna uchiyang'ane m'chimangirizo chako, chifukwa chimachokera m'chilankhulo chathu chomwechi. Ife timati, "Ngakhale ankadwala, koma anabwera," ndipo palibe amadabwa. Ukachisamutsira m'Chingerezi chimakhala "Although he was sick but he came", ndipo chiganizocho chathyoka. "Although" wapanga kale nthambi yoyamba kukhala yodalira inzake, pomwe "but" amalumikiza nthambi zofanana mphamvu. Sankha mmodzi: "Although he was sick, he came," kapena "He was sick but he came."

Tsegula kope lako la zimangirizo, ufufuze "although" aliyense amene unalemba teremu ino, uone ngati "but" sakumutsata pambuyo. Ziganizo zimene upeze unditumizire pa imelo yomweyi, tizikonzera limodzi.