Chifukwa chiyani Chitungwiza ilibe madzi ake?

Mayi wina wa ku Balaka wanditumizira imelo. Akuti mlongo wawo amakhala ku St Mary's, ku Chitungwiza m'dziko la Zimbabwe, ndipo akaimba foni nkhani imangokhala ya madzi ndi ya makombi opita ku Harare. Akufunsa kuti tauni yaikulu chonchi, bwanji ilibe madzi ake ndi ntchito zake?

Mayi, vutoli linayamba pomwe tauniyi inkamangidwa. Boma la atsamunda la Rhodesia linkafuna manja a anthu akuda m'mafakitale a Salisbury (Harare ya lero), koma silinkafuna kuti anthuwo azikhala pafupi. Linawamangira tinyumba makilomita pafupifupi 25 kummwera, ndipo mu 1978 Seke, Zengeza ndi St Mary's anaziphatikiza kukhala Chitungwiza. Anaimanga ngati chigono: munthu agone, m'mamawa akagwire ntchito kwina. Mwa anthu amenewo munalinso a kwathu kuno, n'chifukwa chake gule wamkulu amavinidwa ku St Mary's mpaka lero.

Panopa kumakhala anthu oposa 350,000, koma khonsolo imagulabe madzi kwa mzinda wa Harare, womwe nawonso madzi sakuukwanira. Harare ikachepetsa, mipopi ya ku Zengeza imauma, amayi n'kumafola pa mijigo usiku. Kolera wa 2008, yemwe anapha anthu oposa 4,000 m'dziko lonselo, anabuka koyamba ku Chitungwiza komweko. Zimandiwawa, chifukwa mapaipi a zonyansa anali akuphulika m'misewu anthu akudandaula.

Ntchito zinalipo pang'ono. Fakitale ya nsalu ya Cone Textiles inkalemba anthu ambiri, koma inagwa m'zaka za m'ma 1990, nthawi ya ndondomeko ya boma yosintha kayendetsedwe ka chuma yotchedwa ESAP. Lero ambiri amadalira geni pa malo amalonda a Makoni ndi Chikwanha.

Pa ndale, kuyambira mu 2000 anthu akumeneko amakonda kuvotera otsutsa boma, monga Job Sikhala amene anayamba ndi mpando wa uphungu wa St Mary's. Khonsolo imaloza chala boma kuti limaimana ndalama, boma limati makhansala ndi akatangale ogulitsa malo, ngakhale m'madambo. Ine ndikuona kuti mbali zonse zili ndi mlandu, koma waukulu ndi wa boma, chifukwa damu ndi njanji si zinthu zomangidwa ndi ndalama za khonsolo. Njanji yopita ku Harare akhala akuilonjeza kuyambira m'ma 1980, ndipo mlongo wanuyo akukwerabe kombi.